Tisunge Bulu Kapena Dona

9 Febuluwale

Mayi a mapasa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, anawo ndi amayi. Miyendo ya amayi ikutani masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha fumbi la kuntchito sichindichoka, koma chimenecho tili nacho tonse.

Kalata yanu anandipatsa dalaivala wa basi Lachiwiri. Ndinaiwerenga nthawi yopuma nditakhala pa tayala, ndipo buledi amene ndinkadya anangosanduka thonje m'kamwa. Mashoko a galimoto yathu Dona athanso? Omwe aja ndinatumiza mu Novembala? Mayi, ine ntchito yanga kuno ndi yophwasula magalimoto akufa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Shoko yabwino ndimaidziwa ngati mmene inu mumadziwira dzira lovunda musanaliswe. Aja ndinachita kusankha ndekha, ndinawamasula ndi manja anga pa galimoto yomwe inangophwanyika kumbuyo. Anali olimba, osadontha mafuta ngakhale pang'ono. Lero mukundiuza kuti Dona akudumpha ngati chule, ndipo alamu, alongo anu amakanikowo, ati pakufunika ena. Miyezi itatu yokha! Kodi msewu wathuwo wasanduka masitepe?

Ndakhala pansi n'kuganiza. Chaka chathachi Bulu wathyola masipuling'i kawiri. Dona wadya mashoko katatu, mabushi, timarabala ta kunsi tija, sindiwerenganso. Tsiku limene ana anawapatsa magalimotowa maina tinkaseka, koma pano sindikusekanso. Katoni iliyonse imene ndimatumiza kumeneko imakhala ya zitsulo. Anzanga amatumiza mabulangete ndi nsapato za ana, ine mashoko. Dalaivala wa basi amachita kundiseka, akuti, "Bwana, kodi kwanuko mukumanga sitima?"

Mapanga awiri avumbwitsa. Tisunge galimoto imodzi, inayo ipite. Maganizo anga ndi akuti tigulitse Bulu. Ndikudziwa kuti ndi pikapu ya malemu bambo, koma yakalamba, pansi pake pabowoka, munthu ukakwera umaona msewu ukudutsa pakati pa mapazi. Dona ndinamugula ndi thukuta langa, zaka ziwiri zodya buledi wouma, ndipo akatsukidwa, kufiira kwake kuja, amaoneka ngati galimoto ya munthu. Mazira anu ogulitsawo angathe kumakwera pa mpando wakumbuyo. Achimwene anga muwauze mwaulemu, musawadzidzimutse.

Ndikulemba kalata chifukwa pafoni sindimasuka. M'chipinda muno tilimo amuna asanu ndi mmodzi, makutu khumi ndi awiri, ndipo aliyense amayankhira nawo nkhani za mnzake. Za fungo la masokosi sindinena.

Denga la khola la nkhuku mukonzetse, chakudya chawo chisanyowe. Tsiku la amayi la kuchipatala lisaphonyeke.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

2 Malichi

Mayi a mapasa,

Moni kwa nonse. Ndasangalala kumva kuti anawo akhoza bwino mayeso, ndiponso kuti amayi ayamba kuyenda okha mpaka pa mpopi. Ine ndili bwino.

Zimene achimwene ayankha zandinyansa. Akuti Bulu ndi fupa la bambo, wogulitsa Bulu wagulitsa bambo? Chabwino. Nanga fupa limeneli likathyoka amalilumikiza ndani? Chimwalirireni bambo, achimwene sanagulepo ngakhale bawuti imodzi. Mukukumbukira tsiku limene tinkamukoka Bulu kumuchotsa mu udzu, makoswe atadya mpando wonse? Iwo anaima patali manja ali m'thumba, n'kunena kuti, "Chimenechi mungowapatsa ogula zitsulo zakutha." Ndinamudzutsa ndine. Lero poti akuyenda, wasanduka fupa. Anandiimbira sabata yatha, mawu ofewa ngati a m'busa: "Mng'ono wanga, za kunjako zisakuiwalitse kumene unachokera." Ndinangoti zikomo, n'kudula. Ndikanayankha zimene zinali pakhosi, m'chipinda monse akanaomba m'manja.

Mwalemba kuti Dona anagunda mimba pa kamlatho kaja ka pafupi ndi chigayo, ndipo mathireyi anayi a mazira anasweka. Pepani. Ndikudziwa ntchito imene imalowa pa thireyi imodzi. Koma vuto si galimoto, vuto ndi phazi la woyendetsa. Phazi limenelo ndi lopusa. Alamu amayendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Muwauze kuti pa kamlatho azidutsa chopingasa, pang'onopang'ono.

M'katonimu muli mashoko awiri akutsogolo ndi mabushi anayi. Ulendo uno mashokowo ndawapaka utoto wachikasu kumunsi, ndipo ndakhomapo timadontho titatu ndi msomali. Mnzanga Chindevu, amene timaphwasula naye, akuti anthu ena a mabasi amasinthitsa katundu panjira, kuchotsa chabwino n'kuikamo chakutha. Mukatsegula muone ngati utotowo ulipo musanapereke kwa alamu.

Kuti ndiwapeze mashoko amenewa ndachita kumugwadira kapitawo. Munthu ameneyu, mayi, sindinaonepo. Amadya nyama pamaso pathu ndi manja a girisi, mafupa n'kumaponya m'magalimoto amene tikuphwasula. Pakatha masiku atatu iwe ukalowa pansi ndi sipanala, mphutsi n'kumakugwera m'khosi. Magolovesi amatipatsa peya imodzi anthu awiri, wina lamanja wina lamanzere. Ukadandaula amaloza kuchipata, akuti kunjako kuli anthu makumi asanu ofuna malo ako, kenako amakufunsa mosekerera ngati mapepala ako ali bwino. Zinazo ndidzakuuzani pamaso.

Ndaikamonso timalaya tiwiri ta ana, kuti dalaivala aone kuti nanenso ndine bambo.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

6 Epulo

Mayi a mapasa,

Mwadzuka bwanji nonse kumeneko? Ine ndadzuka, ngakhale sabata ino paipi ya kuchimbudzi inaphulika, zonse zinasefukira m'khonde mpaka pakhomo pathu. Mwini nyumba anabwera, anayang'ana atatsina mphuno, n'kutiuza kuti timadya kwambiri.

Ndiye mumayendetsa galimoto? Chiyambire Okutobala? Laisensi muli nayo, ndipo ine mwini khomo ndikumva lero, pa tsamba lachitatu la kalata, pakati pa nkhani ya chitopa ndi ya nsapato za ana? Ndiye kuti phazi lija ndinalinyoza mwezi watha ndi lanu. Ndikanadziwa ndikanasankha mawu ena. Mwati munatopa kudikira alamu mpaka dzuwa kukwera, mazira ali pakhonde, eni magolosale akuimba foni. Ndamva. Komabe zinthu zina mwamuna azizimva zisanafike miyezi isanu ndi umodzi. Chindevu nditamuuza anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, akuti posachedwa mundilembera kuti mwagula ndege.

Koma chimene chandikwiyitsa ndi ichi cha achimwene. Loweruka lililonse amabwera kudzatenga makiyi a Bulu, amvekere ndikukaona kumunda, pomwe akukanyamula njerwa ndi mchenga wa anthu mpaka matayala kukhudza bodi? Ndipo Lolemba amabweza galimoto itakhala pansi ngati galu wothyoka msana, thanki ili mbee, n'kukuuzani kuti, "Mlamu, kagalimotoka kakulira kumbuyo, mumuuze mwamuna wanu"? Fupa la bambo! Ndiye akulikukutadi fupalo. Inu mwakhala chete chaka chathunthu poopa kuti ndinganene kuti mukudanitsa abale. Mwina ndikananenadi.

Mfundo zanu ndaziwerenga kawiri. Mukuti Bulu pa kamlatho sagunda. Mukuti amanyamula matumba khumi a chakudya cha nkhuku ulendo umodzi, pamene Dona ukamusenzetsa atatu amayenda chogwada. Mukuti sipuling'i ya Bulu aliyense wowotcherera zitsulo pamsika amaikonza tsiku lomwelo, pamene za Dona mpaka zichokere kuno, ndipo popanda njerwa za achimwene Bulu sangathyoke. Mwina n'zoona. Koma taganizani, mayi. Munthu wakhala kunja zaka zisanu ndi chimodzi, abwerere kwawo azikayenda pa pikapu yomweyo imene anaisiya, bampala yomanga ndi waya? Anthu adzati anapita kukatani? Dona ndiye chinthu chokhacho chooneka ndi maso chimene ndapindula kuno. Ndiponso tikasunga Bulu, tasunga ndi achimwene omwe.

Tiyeni tione kaye mmene mashoko atsopanowa achitire. Makiyi a Bulu muwabise. Akafunsa munene kuti ndalamula ndine, adzaimbe kuno.

Chindevu akubwera kutchuthi sabata ya mawa, adzadutsa kudzaona ana. Mumupatse mazira, koma mpando musamupatse, sachoka.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

4 Meyi

Mayi a mapasa,

Moni. Ndili moyo.

Chindevu wafika dzulo. Asanatsitse n'chikwama chomwe, anandikokera kuseri kwa nyumba. Akuti atachoka kwathuko anapita ku galaja ya alamu kukapereka moni. Anapeza takisi ya alamuwo ili padzenje lokonzerapo magalimoto, matayala akutsogolo atachotsedwa. Iye poti ndi wa ntchito yomweyi, maso anapita okha pansi. Utoto wachikasu. Timadontho titatu. Anachita kupukuta ndi chala kuti aonetsetse. Akuti anafunsa, "Akulu, mashoko abwinowa munagula kuti?" Alamu osaphethira n'komwe: "Awa? M'tauni. Odula kwambiri, si a aliyense." Mawa lake anabwereranso kwathu ngati waiwala chipewa, n'kusuzumira pansi pa Dona. Mashoko akutha, onyowa ndi mafuta, opakidwa utoto wakuda pamwamba pa dzimbiri.

Ndiye kuti ulendo uliwonse zinkakhala chonchi. Ine kumugwadira kapitawo, kugona pansi pa galimoto mphutsi zikundigwera, kusenza katoni mpaka kudepoti, kuti takisi ya alongo anu iziyenda mofewa. Dona kumangomubwezera zakutha zochokera pa takisi, kulandira ya ntchito pamwamba, kenako kukhala pakhonde panga kumwa tiyi wanu. Munthu amene bokosi lake la masipanala ndinamugulira ndine! Dzulo sindinadye. Ndikamukumbukira akundikumbatira tsiku limene ndinkanyamuka, amvekere, "Alamu, za pakhomo musade nazo nkhawa," ndimangolavula pansi.

Tsopano ndikufunseni, ndipo mundiyankhe mosazungulira. Utoto munauona potsegula katoni, munandilembera. Nanga atamanga, simunasuzumire? Mumayendetsa ndinu, simunamve kuti galimoto sinasinthe? Kapena mumadziwa? Za achimwene anga munazisunga chaka chathunthu, n'kuzitulutsa bwinobwino pamene zinakuthandizani pa mkangano wa Bulu. Za alongo anu ndikuzimva kwa Chindevu. Kodi n'chifukwa chake mwakhala mukulimbikira kuti Dona ndi wosalimba? Mwina kwanuko mumagawana.

Dona sagulitsidwa. Galimoto ilibe mlandu, akuba ndi anthu. Bulu apite, achimwene akalifuna fupa lawo aligule. Mwezi uno sinditumiza chitsulo chilichonse.

Bambo a mapasa

22 Juni

Mayi a mapasa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu, anawo ndi amayi. Ndikungokhulupirira, poti wondiuza palibe. Masabata asanu ndi awiri tsopano. Dalaivala wa basi akangomuona Chindevu akubwera kudzandifunsira, amapukusa mutu ali patali. Foni yanu imalira mpaka kutopa. Chilango ndachilandira.

Mawu aja a kugawana ndinalemba ndi mkwiyo. Kuipa kwa pepala n'komweko, mawu sauluka. Mukanakhala pafupi ndikanawameza musanawamvetse. Zaka khumi ndi zinayi simunandibisirepo ngakhale dzira limodzi. Ndinalakwa, mayi.

Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulembera pabondo. Ndinavulala pang'ono phazi kumapeto kwa Meyi, ndiye ndikupumulako. Si zoti muwauze amayi. Anzanga andisiyira bedi lapansi. Masana onse ndimakhala ndekha muno ndi ntchentche, kuyang'ana mphemvu zikuchita mpikisano pa mbale za anthu osatsuka. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti chipinda chino masana chimanunkha chonchi.

Ndalama za mwezi uno zichedwa. Kapitawo akuti tikambirana ndikachira. Ngati chakudya cha nkhuku chatha, gulitsani matayala awiri aja ali kuseri kwa khola, akadali ndi mano.

Ndilembereni, ngakhale mzere umodzi wonditukwana. Ana akutani? Dzino la wamkuluyo linatuluka?

Ine wanu,
Bambo a mapasa

20 Julayi

Mayi a mapasa,

Kalata yanu yafika, masamba asanu ndi limodzi. Atatu oyambawo ndawameza ngati mankhwala owawa, ndipo palibe mzere umene ndingautsutse. Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndikupezako.

Koma zimene munachita ku galaja! Ndawerenga katatu. Ndinamuwerengeranso Chindevu atabwera kudzandiona, ndipo bambo wa bedi loyandikana nane anaseka mpaka anamwino anabwera kudzatikalipira. Inde, ndili m'chipatala. Ndi za phazi lomwe lija, akungofuna kuliyang'anira pafupi.

Kupita Lolemba m'mawa makasitomala atadzaza, kuimika Dona pakhomo penipeni, kukhala pa ndowa n'kunena kuti, "Alongo, ndabwera kudzatenga katundu wa mwamuna wanga amene ali pansi pa takisi yanu. Ndidikira." Iwo n'kumanong'ona kuti tikakambirane kunyumba, inu, "Kunyumba munamwako kale tiyi." Mpaka anamasula okha anthu akuonerera, n'kumanga pa Dona inu mutagwada pambali kuwerenga timadontho. Nkhope yawo ndikanakonda kuiona. Komabe ndikudziwa kuti ndi m'bale wanu wa bere limodzi, ndipo mwati kuchokera tsiku limenelo akazi awo amakulambalalani pamsika. Zakupwetekani inu kuposa ine, ndipo munazichita pamene ine ndinali nditakunenani kuti ndinu wakuba.

Za achimwene sindinkayembekezera kuti amaliza ndi amayi. Iwo kubwera Loweruka kudzafuna makiyi mwaukali, amayi n'kuwatulutsa m'thumba la diresi lawo, kuwaonetsa, n'kuwabwezeramo: "Galimoto ya mwamuna wanga imanditengera ine kuchipatala. Njerwa zako senza pamutu." Mwati anachoka akulalata kuti mkazi wa mng'ono wawo wawatembenuza mutu amayi. Asiyeni alalate, pakamwa sipathyola sipuling'i.

Ndiye zoona zaoneka. Miyezi itatu Bulu wopanda njerwa sanathyole kanthu. Dona ndi mashoko enieni wasiya kudumpha, koma pa kamlatho akugundabe mimba, ndipo mabushi ayambanso kulira. Msewu umenewo si wake. Mwapambana, mayi. Ine ndinkakana chifukwa cha manyazi basi.

Mwati aphunzitsi ena a kusekondale akufuna kumugula Dona, ndipo kumene amakhalako msewu ndi wa tala. Ndi munthu wodekha, sangamuzunze. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musawayankhe kaye. Auzeni adikire mwezi umodzi. Si za manyazi zija ayi. Pali china chimene ndikufuna ndiyambe ndamva kwa adokotala. Musandifunse pano.

Msuzi wa muno ndi madzi otsukira mbale amene anadutsa pafupi ndi kabichi. Kapitawo sanabwerepo. Bwana mwini wake anatumiza munthu ndi malalanje atatu ndi pepala loti ndisaine msanga, akuti kuwerenga kungondichedwetsa. Malalanjewo ndinadya.

Moni kwa ana. Muwauze kuti atsuke Bulu, mbuyanga ameneyo wavutika.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

17 Ogasiti

Mayi a mapasa,

Moni kwa inu, anawo ndi amayi. Kalata iyi muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Mwandifunsa katatu kuti ndi phazi lanji limene limagoneka munthu miyezi itatu. Ndikuuzani, ndipo mundikhululukire pochedwa.

Pa 27 Meyi kunabwera pikapu ya mtundu wa Bulu, yophwanyika kutsogolo, masipuling'i akumbuyo ali bwinobwino. Mkwiyo unali utandithera, koma pakamwa panali polemera, ndiye ndinati ndipepese ndi zitsulo. Ndinalowa pansi nthawi yopuma. Jeki ya kuntchito kwathu imatsika yokha, tonse tinkadziwa, tinamuuza kapitawo kambirimbiri. Tinkaikirako marimu akale a matayala kuti agwirize, koma m'mawa umenewo kapitawo anali atawagulitsa onse. Ndinamva galimoto ikutsika. Thupi ndinatulutsa, phazi lamanzere linatsalira. Musadziimbe mlandu, amene analowa pansi ndine.

Kapitawo anakana kuitana ambulansi. Anati ikabwera ibwera ndi mafunso, ndipo theka la ife mapepala athu anatha kale. "Ukufuna anzako onsewa apakizidwe kubwerera kwawo chifukwa cha phazi lako?" Anatsuka balalo ndi petulo, kumanga ndi nsanza yopukutira oyilo, kundipatsa mapilitsi awiri, n'kundikweza pa wilibala mpaka kumsewu. Ndinagona m'chipinda muja mwezi wathunthu. Fungo lija ndinakulemberani kuti ndi la chipinda linali langa. Chindevu ndi amene anati basi zakwana, anandibereka kumsana mpaka pa takisi. Adokotala atamasula nsanzayo, namwino wina anatuluka panja. Anayesetsa, anayamba ndi kudula zala zokha. Pa 30 Julayi analidula, pamwamba pa kakolo pang'ono.

Bwana akuti si ngozi ya pantchito, popeza inali nthawi yopuma ndipo ndinkamasula zanga. Pali mayi wina wa bungwe loimira antchito amene watenga nkhaniyi, ndi jeki yomwe anakaijambula. Akuti zitenga nthawi. Ndamusiyira Chindevu kuti azitsatira, ine sindidikira kuno. Mpweya wa malo ano wandikwana.

Tsopano za mwezi umene ndinapempha uja. Dona alibe kilatchi, amasintha magiya yekha. Munthu wa phazi limodzi lamanja angathe kumuyendetsa. Bulu amafuna mapazi awiri, ndipo kilatchi yake mukuidziwa, ndi mwala. Masiku onsewa ndakhala ndikuyang'ana kudenga, kudziona ndili pa chiwongolero cha Dona, galasi nditatsitsa, ndikupereka moni pamsika, anthu osaona chimene chili pansi. Ndinazifuna kwambiri, mayi. Sindikubisirani.

Koma kuyambira tsopano otidyetsa ndi nkhuku zanu, ndipo mashoko sadzachokeranso kuno. Tikamusunga Dona, pofika mvula adzakhala ali pa njerwa pabwalo, ndipo matumba a chakudya muzidzasenza pamutu chifukwa choti mwamuna wanu ankafuna kuimika mkono pa windo. Ayi. Aitaneni aphunzitsi aja. Muwauze zoona zonse za mabushi, asadzatinene kuti ndife a mtundu wa alamu. Zimene apereke muwonjezere khola. Bulu atsale, woyendetsa ndinu. Manja ndikadali nawo onse awiri. Masipuling'i ake ndizimanga ndekha pabwalo pathu, palibenso makaniko adzamukhudze.

Ndinyamuka Lachinayi pa 28, ndifika Loweruka masana. Mubwere nokha. Achimwene asadziwe tsiku, misozi yawo sindikuifuna pa malaya anga. Amayi muwauze inu mwa njira yanu, mumadziwa kulankhula nawo kuposa ine. Ana muwauziretu, asadzayambe kumva ndi maso. Nsapato zanga zakumanzere musataye, adokotala akuti chilonda chikapola pali phazi lopanga.

Muimike pafupi ndi chipata cha depoti, ndodozi sindinazizolowere. Mukandiona musathamange kudzandigwira. Mungotsegula chitseko, ndifika ndekha.

Ine wanu,
Bambo a mapasa